Nkhalamba Imene Agogo Ndau Anakana Kukonza

Pa maliro a agogo Ndau sabata yathayi, a Laitoni anaimirira m'malo mwa akuluakulu a dera lino, nanena kuti malemuwo anali munthu wofatsa, wosadziwa kukangana ndi mnzake. Anthu anagwedeza mitu kuvomereza. Ine ndinali kumbuyo kwa amayi, nditaphimba nkhope ndi chitenje, ndipo amene anali pafupi ankayesa ndikulira. Sindinkalira. Chitenjecho ndinkachiluma chifukwa cha mkwiyo.

Agogo sanali ofatsa. Ankakangana ndi akazi awo, ndi anthu obweretsa ntchito, ngakhale ndi mbuzi zodutsa pakhonde. Ndipo mkangano wawo waukulu unali ndi a Laitoni omwewo, pa macheka amodzi a injini amene agogo anakana kukonza, nakananso kuvomera kuti mwini wake ndi a Laitoni. Anakana mpaka kufa. Aliyense pamaliropo nkhaniyi ankaidziwa, koma pa nthawi imeneyo palibe anaitchula. Inenso sindinaitchule. Kusukulu ndimalephera kuyankha ngakhale funso limene ndikulidziwa bwino, mawu amandithawa aphunzitsi akangondiyang'ana. Ndiye ndingolemba.

Agogo Ndau anali malume a amayi anga. Ali anyamata anapita ku Joni ngati amuna ambiri a kwathu kuno, koma iwo sanalowe pansi m'migodi. Anagwira ntchito m'nkhalango za paini ndi bulugama, kugwetsa mitengo yochirikizira migodiyo. Anabwerako ndi bokosi la matupa ndi masipanala, chifuwa chosatha, ndi chilankhulo cha ku Joni chimene ankachisungira kutukwana basi. Malo awo antchito anali pakhonde pa sitolo ya Che Bwanali pa Manjawira. Benchi, beseni la petulo wotsukira zitsulo, ndi iwo.

Macheka a injini m'dera lino ndi ochepa, ndipo onse ndi akale. Ena anabwera ndi anthu a ku Joni, ena anatayidwa ndi eni maesiteti atatopa nawo. Penti anasupuka, zolemba zinafufutika, eni ake ambiri sadziwa n'komwe kumene makina awo anapangidwa. Agogo onsewo ankawatchula dzina limodzi: nkhalamba. Munthu akafika ndi thumba pa njinga, iwo ankafunsa kuti nkhalamba yadwala chiyani. Akaikonza ankati nkhalamba yadzuka. Ana a pa Manjawira tinakula tikudziwa kuti pakhonde pa Che Bwanali mawu amenewa satanthauza munthu.

Ankazidziwa ndi khutu. Wina akamacheka kutsidya kwa mtsinje, agogo ankasiya chimene agwira, n'kutukula chala kuti tonse tikhale chete, kenaka n'kunena kuti imeneyo ndi yofiira ya ku Swideni, ya uje wa ku Champiti, ndipo pulagi yake yatsala pang'ono kufa. Ankati za ku Jeremani zimalankhulira m'mphuno. Za ku Kanada, zolemera zija, zimayamba zatsokomola ngati munthu wodzafunsira mbeta. Ikakhala yosalira, ankaizindikira poona chivindikiro cha thanki, kapena mmene chogwirira chapindikira. Akamaliza ankanunkhiza m'thankimo, ndipo apa ndi pamene ambiri ankalandira chitonzo chawo. Munthu wothira petulo wosasakaniza ndi oyilo ankamuyerekeza ndi mdzukulu wopatsa agogo ake chimanga chokazinga popanda madzi. Sankanena monong'ona ayi. Msika wonse unkamva. Bambo wina wa ku Mlangeni anachoka akulumbira kuti sadzabweranso, koma mwezi usanathe anabwera, chifukwa kunalibenso kwina.

Zida zatsopano za makina akale otere sizipezeka, choncho agogo ankapanga okha, ndipo zambiri zinkachokera m'nyumba mwa akazi awo, aNangozo. Singano yolukira inasanduka chotokosera timabowo ta petulo. Lilime la nsapato ya kutchalitchi linasanduka chotsekera kuti oyilo asadonthe. Tsiku lina ndili kwawo ndinamva izi:

"ANdau, sefa yanga ili kuti?"

"Ili pantchito."

"Ntchito yanji?"

"Ikusefa mpweya ku Champiti."

"Chabwino. Lero mudya mpweya womwewo."

Anagonadi ndi njala tsiku limenelo, ndipo m'mawa mwake anauza aliyense pakhonde kuti anakwatira msilikali.

Ndi Che Bwanali ankaseleulana pa chilichonse. Che Bwanali akatuluka m'sitolo atatseka makutu ndi manja ankati, "Angoni inu, mukasowa nkhondo mumalimbana ndi zitsulo." Agogo ankayankha kuti tiyi wa Achawa ndi madzi otsukira kapu, kwinaku akutambasula dzanja kulandira tiyiyo. Ankaopseza kuti adzaliza injini nthawi ya mapemphero kuti aone ngati kumwamba kuli makutu abwino. Sanachitepo. Lachisanu masana pakhonde pankakhala zii, agogo akunola mano a tcheni ndi tupa, pang'onopang'ono.

Ine ankanditcha Namanyazi. Anandiliritsapo ponena pagulu kuti ndimalankhula ngati injini yopanda petulo. Koma ndi iwo okha mwa akuluakulu onse amene sankandikakamiza kuyankha. Ankati kumvetsera nakonso ndi ntchito, ndipo ndi ochepa amaitha.

Tsopano za a Yohane. Ine sindinawaonepo, ndinali wakhanda pamene ankachoka. Anali mnzawo wa agogo wa ku Joni, anabwerera limodzi, ndipo a Yohane anabwera ndi nkhalamba yawo, yachikasu, ya ku Kanada. Anali amanzere. Mpingo wawo sunkalola kugula khadi la chipani, ndipo nthawi ina anthu a mpingo umenewo anathamangitsidwa. Nyumba ya a Yohane inapsa, iwo ndi banja lawo anathawira ku Mozambiki, katundu wawo anamwazikira m'mudzi. Mpaka lero pali nyumba zina zimene zili ndi zitseko zosagwirizana ndi mafelemu ake, koma palibe amafunsa. Patapita zaka tinamva kuti a Yohane anamwalira komweko.

Tsiku la nkhaniyi linali la msika, masana. Amayi anandituma mchere, ndiye ndinali m'sitolomo. A Laitoni anafika ndi thumba pa njinga. Iwowa ndi tcheyamani wa nthambi ya chipani kwathu kuno, komanso ndi achibale athu, agogo ankawaitana kuti mphwanga. Anatulutsa macheka opakidwa penti wobiriwira, wa zitseko uja, nanena kuti agula kwa munthu wina ku Balaka, koma akukana kulira.

Agogo anakoka chingwe. Injini inatsokomola n'kukhala chete. Anakokanso. Kenaka anayendetsa chala pa tcheni, dzino ndi dzino. Munthu akamanola tcheni, dzanja lake lamphamvu limadya kwambiri mano a mbali imodzi. Pa tcheni imeneyi mano ofupika anali mbali imene sifupika kwa anthu ambiri.

"Ananola uyu ndi wamanzere," anatero agogo.

"Amanzere ndi ambiri, malume."

Agogo anatenga tupa n'kupala pang'ono pa thanki. Pansi pa wobiriwira panatuluka chikasu.

"Unaisunga pati zaka zonsezi, Laitoni? Pansi pa bedi?"

"Ndati ndagula."

"Nyamula. Pano sindiikonza."

A Laitoni sananyamule kupita nayo kwawo. Anailowetsa m'sitolo n'kuiika pa kauntala, nati ikhale pomwepo mpaka malume aganize bwino. Anthu anali atayamba kuunjikana. Agogo anabwerera ku beseni lawo, manja onse m'petulo, akutsuka zitsulo za munthu wina. Ndiye wogulitsa nzimbe wina anafunsa moseka, "Bwanji mdala, yakukanikani?"

Kwathu kuno munthu manja akatanganidwa amaloza ndi milomo. Agogo anatukula mutu, nasongola milomo kulozetsa m'sitolo.

"Nkhalamba iyo? Mano anatha kalekale, ndipo amene aigwira ndi akuba. Ingofa ipumule."

Pamwamba pa kauntalayo, monga m'sitolo iliyonse m'dziko muno, pali chithunzi cha mtsogoleri. Ine ndinali mkati, ndiye ndinaona maso a anthu onse aja. Palibe anayang'ana pa kauntala. Onse anayang'ana pakhoma. Anthu amene anamva agogo akutchula macheka kuti nkhalamba kwa zaka ndi zaka, tsiku limenelo anaiwala. Wogulitsa nzimbe uja anabwerera chambuyo. Mayi wina anakoka mwana wake n'kuchoka.

"Akunena macheka, anthuni," anatero Che Bwanali. "Macheka awa, awa."

Koma kufotokoza komweko kunangosonyeza kuti panali china choti n'kuganizira. Agogo okha ndi amene sanaone kanthu. Anapitiriza kutsuka.

M'mawa mwake a Laitoni anapita kunyumba kwa agogo. Zimene anakambirana ndinazimva kwa aNangozo, amene anazibwereza kwa amayi kambirimbiri. Akuti anakhala bwinobwino pa mpando, chipewa pa bondo.

"Malume, nkhani ija ikhoza kuthera pompano. Konzani makinawo, munene pamaso pa anthu kuti munalakwitsa, makinawo si a Yohane. Ine ndikauza akuluakulu kuti munkaloza macheka."

"Ndinkalozadi macheka."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ukufuna ine ndiname kuti iwe unene zoona?"

"Ndikufuna mukalambire pakhomo panu, malume."

Atachoka, aNangozo anayamba. Anawauza kuti a Yohane anafa, ndipo wakufa sacheka matabwa. Anawafunsa ngati chitsulo chidzawalimire munda iwo akatsala okha. Anawatchula ouma mutu, odzikonda, munthu wokonda mnzake wa ku Joni kuposa mkazi wake. Amayi anapita kukagwada. Abusa anapita. Agogo anayankha onsewo chimodzimodzi, kuti m'mudzi muno zitseko zinasintha eni, miphika inasintha eni, njinga inasintha mwini, ndipo iwo anakhala chete chifukwa zitseko sazidziwa. Koma ichi akuchidziwa. Akanena kuti sachidziwa, ndiye kuti palibenso chimene akudziwa.

Amayi sindiwakwiyira kuti anakagwada. Ankaopa, ndipo chimene ankaopacho chinachitikadi. Galimoto ya apolisi inabwera kudzatenga agogo masana, pamsika pali anthu. Agogo anapempha kuti asambe m'manja, sanaloledwe. Mwa anthu onse amene analipo tsiku lija, amene ankadziwa bwino lomwe tanthauzo la mawu aja, ndi Che Bwanali okha anapita kukalankhula. Anabwerako osamvedwa, ndipo sitolo yawo inakhala yotseka kwa kanthawi. Ena onse anati sanamve bwino. Wogulitsa nzimbe anati tsiku limenelo sanabwere n'komwe kumsika. Amenewa ndiwo ndimawakwiyira, ndipo ena mwa iwo ndimawapatsa moni m'mawa uliwonse, nditagwada.

Agogo anabwerera dzinja lina litadutsa, lachiwiri lili pakati. Anali ataonda, khutu limodzi litaferatu, linalo likumva za pafupi zokha. Za kumene anali sananenepo, ngakhale kwa akazi awo. Anabwerera pakhonde paja. Kukonza ankakonzabe. Injini ikamalira ankagunditsa sipanala pa chitsulo chake, mbali inayo n'kuiluma, kuti amve ndi mano chimene makutu akanika. Koma wina akamacheka kutsidya, iwo sankatukulanso chala.

Ndipo amene ankacheka kwambiri kutsidyako anali a Laitoni. Makina aja anakawakonzetsa kwina, nayamba kugwetsa mibawa ya m'mbali mwa mtsinje. Manjawira yense ankamva kutsokomola kwa nkhalamba ya a Yohane m'mawa uliwonse, kupatula munthu mmodzi amene akanaitchula dzina. Azimayi ena ankati mwina Mulungu wawachitira chifundo kuti asamamve. Mawu amenewa ndimadana nawo. Si Mulungu anawagonthetsa.

Komabe sanasiye. A Laitoni akamadutsa pa njinga, agogo ankafuula mmene amafuulira anthu osamva:

"Mphwanga, macheka a Yohane ali bwanji?"

Pakhonde pankatsala iwo okha. A Laitoni ankangopalasa osacheuka. Anthu othawa nkhondo atayamba kulowa kuchokera ku Mozambiki, mwana wamkazi wa a Yohane anapezeka pakati pawo, cha ku Mlangeni, ali ndi ana ake. Kuyambira pamenepo funso linasintha. Agogo ankafunsa kuti abweza liti, popeza mwini wake wafika. Atadwala komaliza, a Laitoni anapita kukawazonda ndi shuga, nati akhululukirane pakuti onse ndi magazi amodzi. Agogo anatembenuzira kwa iwo khutu lakufa lija. Shuga anabwerera.

Anamwalira m'bandakucha wa Lolemba. Dzuwa lisanakwere, ngolo ya a Laitoni inafika pasiwa itanyamula matabwa a m'bawa, ofiira, osalala, oti akhomere bokosi. Amuna anayamikira. Adzukulu okumba manda anati chotere sichinaonekepo m'mudzi muno. Mmisiri anali atayamba kale kuyeza.

Mayi wofedwa satuluka m'nyumba ya siwa, amakhala pamphasa pakati pa anzake. ANangozo anatuluka. Anayenda mpaka pangolo, mpango uli pakhosi, maso otupa.

"Matabwawa achekera chiyani?"

"Mayi, ino si nthawi yake," anatero a Laitoni.

"Ndafunsa."

A Laitoni macheka ali nawo amodzi, aliyense akudziwa.

"Pa nkhani imeneyi ndinakangana nawo amuna anga mpaka mawu kutha," anatero aNangozo. "Sindinawathe. Ndiye inu musayese kuwatha lero chifukwa agona. Anakana ali moyo. Ine sindiwavomerera atafa. Bwezani."

Amuna anayamba kung'ung'udza. Wina anati mayi mutiputira mavuto tonse. Wina anati matabwa alibe mlandu. Mchimwene wawo weniweni wa aNangozo anawagwira mkono kuti abwerere m'nyumba, iwo anamukutumula. Anati ngati palibe matabwa ena, amuna awo apita m'mphasa, si oyamba. Anakhala pansi pomwepo, pafumbi, pafupi ndi gudumu la ngolo.

Che Bwanali anali ataima poteropo ndi kofia wawo. Anachoka osatsanzika. Atabwerera anali ndi ana awo aamuna kumbuyo, atasenza matabwa aatali, akale, okhala ndi mabowo a misomali. Anali mashelefu a m'sitolo.

"Kwathu bokosi sitiligwiritsa ntchito," anauza mmisiri uja, "koma Mngoni uyu sangapite popanda phokoso. Khomani."

Bokosi la agogo linkanunkha sopo ndi palafini. Pa chivindikiro pankaoneka mizere yozungulira pamene pankakhala zitini. Ngolo ya a Laitoni inabwerera ndi m'bawa wake. Koma mwambo ndi mwambo, akuluakulu a dera ayenera kulankhula, ndiye masana ake a Laitoni omwewo anaimirira nanena za munthu wofatsa uja. Ligubo, gule amene Angoni timavinira mwamuna wamkulu akamwalira, sanavinidwe. Madoda amene amasunga zishango anatumiza mawu kuti miyendo ikuwawawa. Onse, tsiku limodzi.

Macheka a Yohane akadali kwa a Laitoni. Dzulo m'mawa ndikupita kusukulu ndinawamva kutsidya. Mwana wa a Yohane akadali ku Mlangeni, ndipo sindikudziwa ngati wina anamuuza kuti kuno kunali munthu amene ankamufunsira chake.

Pobwerera ndinadzera pa sitolo. Mkati katundu ali pansi, pa matumba oyalidwa: sopo pake, mchere pake, machesi m'beseni. Che Bwanali amawerama pa chilichonse chimene munthu wagula, ndi msana wawo wovuta uja, ndipo akuti mashelefu ena adzaika akadzafuna. Pakhonde benchi kulibe, aNangozo anatenga. Pamtengo wa denga patsala misomali yopanda chopachika. Ndili pomwepo panafika bambo wina pa njinga, thumba kumbuyo, thukuta thupi lonse. Anali asanamve. Anayang'ana uku ndi uku, nafunsa kuti amdala apita kuti. Atauzidwa anavula chipewa, kenaka anafunsa ngati pali wina amene amadziwa kukonza macheka. Che Bwanali anapukusa mutu. Bamboyo anatembenuza njinga, sanakwere, anangoikankha.

Pansi, pamene agogo ankakhala, dothi linada ndi oyilo wa zaka zonsezi, ndipo ndi lolimba ngati simenti. Nkhuku sizipalasapo. Mayi wina wogulitsa tomato anapempha kale malowo, Che Bwanali anamuuza kuti tomato wake adzanunkha petulo, adikire kaye. Madzulo aja anatuluka ndi tsache. Anasesa khonde lonse, kuyambira pachitseko mpaka kumsewu, koma pamene pada paja anasesa mozungulira.